Chipinda Chimodzi, Mabedi Atatu

1.

Pano ayi, adadi.

Sungeni ananena ali pakhomo. Sanalowe. Chikwama chake anachikumbatira pamtima ngati pali wina akufuna kumulanda.

Fanuel, bambo ake, anatembenuka kiyi ali m'manja. Anayang'ananso chipinda chija, mwina pali chimene sanaone. Mabedi atatu. Zofunda zoyera mbee. TV pakhoma. Bafa la madzi otentha. Nthanda, wamng'ono wa zaka zisanu, anali atavula kale nsapato, akudumpha pabedi lapakati. Pawindo, kutsidya kwa msewu, gudumu lalikulu la kumalo amasewero a Kamvuluvulu likuzungulira, anthu akukuwa m'mwamba.

Chavuta n'chiyani, mami?

Palibe.

Ndiye?

Pano ayi basi.

Mayi wa pahotelapo, amene anawaperekeza kudzaona chipinda, anayamba kuyang'ana kudenga.

2.

Fanuel mahotela amawadziwa. Amagulitsa mapampu a madzi oyendera dzuwa, ndiye lero Karonga, mawa Mchinji, mkuja Nsanje. Anabadwira ku Ndirande, anakulira m'maminibasi. Nyumba alibe. Ali ndi chikwama, ndi galimoto ya kampani.

Akalowa m'chipinda amaona izi:

loko ngati akugwira
neti ngati ilibe mabowo
kunsi kwa matiresi, nsikidzi
mpopi, autsegule, mwina ndi wongotsokomola
kumene kuli bala, asagone khoma limodzi ndi sipika
poimika galimoto, kuti m'mawa atuluke osadzutsa munthu

Chomalizachi ndiye amachitha kwambiri. Kutuluka.

Koma zonsezi ndi nzeru za munthu wogona yekha. Chipinda cha banja anali asanasankhepo chibadwire.

3.

M'mamawa wa tsiku lomwelo, ku Chilobwe. Olipa, amake anawo, anaima pageti, chitenje m'chiuno, manja atapinda. Ukwati unatha. Ana anatsala kwa amawo. Ankhoswe atatopa ndi milandu yawo anangodula mwachidule: bambo aziwatenga ana, koma ngati anawo akufuna. Aka kanali koyamba.

Abambo ake Sungeni, tazimitsani galimotoyo mutsike kaye.

Tachedwa, amake Sungeni. Lilongwe si pakhomo.

Pali mawu.

Mawu anu ndimawadziwa.

Olipa anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaseka, kuseka kosaonetsa mano.

Chabwino, pitani. Koma mumve. Wamkuluyo akabwera n'kunena kuti sadzapitanso, ine sindimukakamiza. Ndipo wamng'onoyo yekha sayenda.

Fanuel anagwedeza mutu, phazi lili kale pamoto. Injini sanazimitse.

4.

Ndiye nkhani yonse ndi imeneyo. Loweruka limodzi, Lamulungu limodzi. Sungeni akati ayi, apita onse awiri.

5.

Kusankha anayamba kalekale. M'maloji a m'njira, atagona chagada, foni pamwamba pa nkhope, chala chikukankha zithunzi.

Pafupi ndi malo amasewero.
Chakudya cham'mawa.
Dziwe losambira.
Mlonda pageti.
Chipinda cha banja.

Apa chala chinkaima. Anthu a pazithunzizo anali azungu, ataunjikana pabedi, akumenyana ndi mapilo, mano onse panja. Iye azunguwo sankawaona. Ankaona Ndirande.

Chipinda chimodzi, mabedi atatu. Ankanena yekha pamene akuyendetsa. Ankanena podikira makasitomala. Tonse pamodzi, ngati kale.

6.

Kachipinda kaja ka ku Ndirande kanali kamodzi komweko, khitchini momwemo, pabalaza momwemo, nsalu yotchinga pakati, ndipo iye akabwera kuulendo fumbi lili mpaka m'nsidze Sungeni ankaimva galimoto isanakhote n'komwe, n'kuthamanga wopanda nsapato, n'kumukwera ngati mtengo wa mango, n'kumupisa m'matumba onse akufunsa mwandibweretsera chiyani mwandibweretsera chiyani, ndipo akapeza kasopo ka kuloji kaja, kakang'ono ngati bisiketi, ankakanunkhiza maso atatseka n'kukabisa m'chitini mwake pamodzi ndi tinzake, ka ku Mzimba, ka ku Mwanza, ka ku Dedza, ndipo ikakwana nthawi yogona ankakana mphasa yake, ankakana amake, ankakana nyimbo, ankafuna pachifuwa pa adadi pokha, khutu pamtima, ati mkati mwanumu muli injini, ndipo Fanuel ankagona osatembenuka mpaka mkono kuchita dzanzi, mpaka khosi kuuma, thukuta la mwana likumutsikira m'nthiti, Olipa akunong'ona kuti mum'tsitse mwanayo mukumulera moipa, iye n'kuti musiyeni, mawa ndinyamukanso.

7.

Zimene Nthanda akufuna, monga anazilengezera kuchokera pa Zalewa mpaka pa Dedza:

gudumu
timagalimoto togundana
kavalo wozungulira, wapinki osati wabulauni
katungwe wouluka
aisikilimu
gudumu kachiwiri
kukodza

Zimene Sungeni akufuna:

Sananene. Anakhala kumbuyo, iye amene kale ankalirira mpando wakutsogolo. Siketi yaitali. Juzi atamanga m'chiuno. Maso pawindo. Msewu wonse, inde adadi, ayi adadi, zikomo adadi. Ulemu wochuluka chonchi, Fanuel anaganiza, amapatsidwa alendo.

8.

Hotela yachiwiri inali ndi dziwe. Madzi ake obiriwira ngati pachithunzi chija. Apa ndiye ndamupeza, anatero Fanuel chamumtima. Mwana uyu ali wakhanda ankalira akamutulutsa m'beseni.

Ndakugulira zosambira, mami. Zili m'buti.

Zikomo, adadi.

Usambira?

Kukuzizira.

Unali mwezi wa Okutobala. Phula linali kufewa pamsewu.

Anakwera masitepe. Wa pahotelapo anawatsegulira. Chipinda chimodzi, mabedi atatu, ndi kafiliji kakang'ono kamene Nthanda anakatsegula n'kukatseka, n'kukatsegulanso. Sungeni anasuzumira ali panja. Maso ake anayenda khoma ndi khoma ngati akufuna chinthu chimene anataya.

Pano ayi, adadi.

Chifukwa?

Mukununkha penti.

Fanuel anakoka mpweya. Munkanunkha sopo.

9.

Ndiye tiyeni tikasewere kaye, anatero Fanuel atafika pagalimoto. Pogona tidzaona madzulo.

Eeee! anakuwa Nthanda.

Ayi adadi, anatero Sungeni. Tipeze kaye pogona.

Koma iweyo ndi amene ukukana.

Tipeze kaye.

Anadutsa m'mbali mwa mpanda wa Kamvuluvulu pang'onopang'ono chifukwa cha mdipiti wa magalimoto. Nyimbo. Fungo la mbuliwuli. Bambo wina atanyamula mwana pamapewa, mwanayo akumumenya padazi ndi baluni. Nthanda anakanikiza mphuno pagalasi mpaka inaphwatalala.

Adadi, akutimalizira.

Sangamalize, mwanawe. Gudumu silitha.

10.

Anaima pachiwaya, m'mbali mwa msewu. Tchipisi, kabichi, tinyama ta mbuzi. Kale mwini mchere anali Sungeni. Ankathira, kulawa, kuthiranso, kenako n'kulengeza kuti tsopano adadi mutha kudya.

Tathira mchere, mami.

Sungeni anayang'ana kabotolo ka mchere. Manja anawabweza pamiyendo.

Thira iwe, Nthanda.

Nthanda anathira ngati akuthira feteleza m'munda.

Wachiwaya anaseka. Bigi, kamadamu aka kakuphani ndi BP.

Fanuel anaseka nawo. Anadya. Zowawa. Ngakhale mchere, anaganiza. Ngakhale kamchere kokha sangandithirire.

Ankolo Wyson amatigulira pitsa, anatero Nthanda, pakamwa podzaza.

Ankolo ake ati?

Amene amabwera kudzakonza filiji.

Filiji yanu imafa kawirikawiri?

Lamulungu lililonse.

Tangodya iwe, anatero Sungeni.

11.

Pafilingisiteshoni Sungeni anapempha kupita kuchimbudzi. Anatenga chikwama chonse. Anakhalitsa.

Iwe Fanuel, usadzinamize. Ukudziwa zimene zikuchitika. M'chikwamamo muli foni. Akupereka lipoti. Anamukhazika pansi asananyamuke, anamuuza zonse. Adadi ako ndi munthu wa m'maloji. Adadi ako tsiku la kubadwa kwako anali ku Chitipa. Tsiku unagonekedwa ndi malungo anali ku Nsanje, foni yozima. Ndipo bodza lili pati? Unali ku Chitipa. Unali ku Nsanje. Ndiye anamuuza kuti upite, koma uwakanire chilichonse, atope okha. Ukuganiza kuti baluni ingakonze zimenezo? Dziwe? Wachedwa, aise. Filiji ya eni ikukonzedwa Lamulungu lililonse, iwe uli pamsewu kugulitsa madzi.

Sungeni anatuluka, kumaso atasamba, juzi atamanganso molimba.

Amayi ako ali bwanji? anafunsa Fanuel.

Mwanayo anamuyang'ana modabwa. Kaya, adadi.

Wachenjera. Watengera amake.

12.

Yachitatu inali yagalasi lokhalokha. Inali ndi chikepe. Nthanda anayesa kuti masewero ayambika, anakuwa mpaka pamwamba, n'kupempha abwereze.

Bambo wa tayi wa pamalo olandirira alendo anali wolankhula. Bwana, mwafika penipeni. Chathu cha banja ndi bwalo, mutha kuseweramo mpira. Kamvuluvulu mungoyenda wapansi. Ana akatopa mungowanyamula, tsiku latha.

Wamva, mami? anatero Fanuel.

Sungeni anakweza maso. Tsiku lonse anali asanafunse funso.

Chili ndi zitseko zingati?

Bambo wa tayi anaphethira. Zitseko? Cholowera, ndi cha kubafa.

Basi?

Basi. Mumafuna zingati, adona?

Fanuel anayesa kuseka. Ameneyu akufuna kuyamba bizinesi ya zitseko.

Palibe anaseka.

Pano ayi, adadi. Anachita kunong'ona.

Sitinachione n'komwe.

Pano ayi.

13.

Gudumu lija likuzungulira.

14.

M'galimoto munali ngati mu uvuni. Fanuel sanalize injini. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

Tandiuza, Sungeni. Ukufuna chiyani? Ya pageti penipeni ayi. Ya dziwe ayi. Ya galasi ayi. Ukufuna ndikumangire yako?

Sungeni anayang'ana pawindo.

Ndikulankhula ndi iwe!

Anamenya chiwongolero. Hutala inalira. Wakabaza amene ankadutsa anatsala pang'ono kugwa, anatembenuka n'kutukwana galimoto yonse ndi eni ake.

Ngati ukufuna kwa amako, nena. Depoti si patali. Ndikukwezani basi, mukafika lero lomwe, mukadye pitsa.

Nanga gudumu? anatero Nthanda.

Sindinanene choncho, adadi, anatero Sungeni.

Ndiye wanena chiyani? Tsiku lonseli wanena chiyani? Ayi, ayi, ayi. Ine ndakulakwira, ndikudziwa. Nena ndimve. Nditukwane kumene, bola ndimve mawu.

Pakalilole anamuona akutsegula pakamwa. Anatseka. Anatsegulanso. Misozi inatsika yokha, nkhope osasintha. Kenako anayang'ana pansi.

Fanuel analiza galimoto. Analowera njira ya kudepoti.

15.

Zimene bambo angachite mwana akamukana:

kumugulira kanthu
kumuopseza
kuimbira ankhoswe
kunamizira kuti sizikumupweteka
kuyendetsa galimoto

Anasankha chomaliza. Ndi chimene amadziwa.

16.

Adadi, mkodzo, anatero Nthanda.

Pirira, tatsala pang'ono.

Watuluka kale pang'ono.

Anakhotera mumsewu wafumbi. Kuseri kwa chigayo kunali kaloji kopakidwa penti wobiriwira, chikwangwani chake chopendekeka, nkhuku zikupalasa pabwalo. Gudumu kuno silinkaoneka. Mwini wake, mayi wathupi, anakhala pakhonde akusenda mtedza. Analozera Nthanda kuchimbudzi ndi mlomo.

Takulandirani, achimwene. Mugona?

Ayi. Tikudutsa.

Koma pakamwa pa munthu wa m'njira pamafunsa pokha.

Chipinda cha banja muli nacho?

Mayiyo anaseka mpaka mtedza unatayika. Kuno? Kuno ndi tizipinda ta anthu a malonda, achimwene. Tatsala tiwiri, toyandikana. Bedi limodzi limodzi. Taonani nokha, n'totsegula.

Anasuzumira mwachizolowezi. Neti ya mabowo olowa chibakera. Mpopi wotsokomola. Kuseri kwa khoma, sipika ya kubala ikuyesa mawu. Chilichonse chimene iye amathawa chinali momwemo. Anatembenuka kuti azipita.

Pano pali bwino, adadi.

Sungeni anali atalowa kale m'kachipinda kenako. Chikwama chija, chimene anachikumbatira tsiku lonse, anali atachiika pabedi. Ankagwiragwira chitseko, kuyesa loko. Mapewa ake anali atatsika. Ankamwetulira. Koyamba chichokereni ku Chilobwe.

Ine ndi Nthanda umu. Inu umo.

17.

Mwa mahotela onse a mu Lilongwe. Mwa onse. Wasankha khola la nkhuku, bola pakati pa iye ndi ine pakhale khoma.

18.

Fanuel anatuluka. Anadutsa nkhuku, anadutsa galimoto, anakaima pansi pa mtengo wa mkesha pafupi ndi chigayo. Anaimbira Olipa foni.

Mwapambana, amake Sungeni.

Mwafika bwino?

Musandifunse zimenezo. Mwamuphunzitsa bwino mwana wanu. Mayeso wakhoza.

Mukunena chiyani kodi?

Mahotela atatu wakana. Abwinoabwino. Chipinda chachikulu, mabedi atatu, tonse pamodzi, wakana. Akufuna khoma. Ndiye musavutike, ndikuwakweza basi, muwalandire.

Ankangomva wailesi ya ku Chilobwe, ndi madzi akudontha mundowa.

Mwati chipinda chimodzi?

Cha banja.

Inuyo ndi Sungeni, chipinda chimodzi?

Ndi mwana wanga!

Ambuye wanga. A Fanuel. A Fanuel inu. Mwanayo watha msinkhu. Mwezi wathawu. Azimayi anamulanga kale. Chipinda chogona bambo ake salowamo, nanji kugonamo. Ndipo masiku ano ali kumwezi, kachiwiri kake, sanazolowere n'komwe. Mwakhala mukumuzunguza m'tauni tsiku lonse ndi dzuwa limeneli?

Chigayo chinali kulira. Ufa unkauluka n'kumugwera pansapato.

Bwanji simunandiuze?

Ndikuuzireni pati? Nkhani imeneyi mkazi amauza mwamuna wake kuchipinda, chitseko chotseka. Ife chipinda tili nacho? Pafoni sizinenedwa. Ndinati tsikani kaye. Munati mawu anga mumawadziwa.

Mukanakuwa.

Pageti? Aneba akusesa?

Nanga iyeyo, bwanji sananene?

Anene kwa inu? Ndi pakamwa pati?

Fanuel anatsamira mtengo uja.

Mwamukalipira? anafunsa Olipa, mawu atatsika.

Pang'ono.

Pang'ono panu ndimapadziwa. Pitani kwa mwanayo. Ndipo musakamufunse kanthu, mwamva? Bambo safunsa.

19.

Amene ankadziwa:

amake
azakhali ake a ku Bangwe, mlongo wake weniweni wa Fanuel, amene anacheza naye pafoni sabata yatha za mitengo ya simenti
amayi awiri a kutchalitchi amene anamulanga
aphunzitsi a kalasi yake
mnzake wokhala naye desiki imodzi
mwinanso wokonza filiji

Amene sankadziwa:

Nthanda, wa zaka zisanu
Fanuel

20.

Zoterezi ankazimva patali. Kwawo anabadwa amuna okhaokha, kupatula mlongo mmodzi, ndipo za mlongoyo zinkachitika kuseri kwa nsalu, anyamata atatumidwa kumsika. Ankayesa ndi zakumudzi. Ankayesa mwana wa m'tauni, wa foni, wa yunifolomu, amangokula ngati papaya, wekha n'kumaona. Sankadziwa kuti pali tsiku. Kuti tsikulo limafika, azimayi n'kusonkhana, n'kutseka chitseko, ndipo chikatsegulidwa mwana uja watuluka wina.

Tsikulo iye anali kuti? Anayesa kukumbuka. Mwezi wathawu. Rumphi. Kapena Ntchisi. Pampu ya mpingo wina inkakana kukoka.

Anafuna kukwiya. Anayang'ana womukwiyira. Olipa. Mlongo wake. Azimayi a kutchalitchi ndi malamulo awo. Ndani anawapatsa mphamvu yomanga khoma m'banja la eni? Mkwiyo unabwera, unazungulira mtengo wa mkesha, unasowa pokhala.

Chinatsala ndi china. Chosalankhula.

Chipinda chimodzi, mabedi atatu. Chipinda chimenecho kulibe. Si ku Lilongwe kokha. Kulibe kulikonse. Chinatsekedwa mwezi watha iye ali pamsewu, ndipo palibe anamuitana kudzatsanzika.

Anasasa ufa pansapato. Anapukuta kumaso ndi malaya. Anapita kubuti, anatulutsa neti yake, imene amayenda nayo kulikonse.

21.

Mayi wa mtedza anamupatsa makiyi awiri, aliyense atamangiriridwa ku kathabwa.

Mwasintha maganizo, achimwene?

Tipatseni tonse tiwiri. Ndipo a kubalawo, muwauze kuti kuno kuli ana.

Sungeni anali ataima pakati pa kachipinda kaja, chikwama atachinyamulanso. Kumwetulira kuja kunali kutapita. Nthanda anakhala pabedi, akugwedeza miyendo.

Tikupita kudepoti? anafunsa Sungeni.

Fanuel anaima pakhomo. Phazi linafuna kulowa, analibweza. Anatambasula dzanja ali panja. Kiyi. Kenako neti.

Ya mabowoyo muchotse, mumange iyi. Mukafuna kanthu, menyani khoma, ndimva.

Mwanayo analandira ndi manja awiri. Anamuyang'ana kumaso, kamodzi kokha, mofulumira. Anaona kuti adziwa. Anaonanso kuti safunsa. Anapuma mpweya wautali ngati munthu wotula mtolo.

Kuja m'galimoto, mami. Ndinalakwitsa.

Sungeni anayamba kufunyulula neti ija, nkhope atalozetsa kukhoma.

Amayi anati ndikhale, anatero. Anati ulendo uno ndisayende, ndidzapita wina. Azakhali nawonso anatero. Ndinakana kudya mpaka anandilola.

Chifukwa chiyani?

Ndinaopa.

Unaopa chiyani?

Kuti ndikakana kamodzi, mudzati sindikukufunani. Ndiye mudzasiya kubwera.

Nkhuku ina inalowa mukhonde, inawayang'ana, inatuluka.

Ndiye tikupita kugudumu kapena ayi? anatero Nthanda. Anthu inu mukuchedwetsa.

Tikupita, anatero Sungeni. Vula malaya amenewo, ali ndi tomato. Adadi, tisinthe kaye.

Chitseko chinatsekeka. Kiyi analira mkati.

Fanuel anatsala mukhonde, kathabwa kake m'manja. Anakaika chikwama m'kachipinda kake. Anasamba kumaso ndi timadzi ta mpopi wotsokomola. Anabwerera. Mkati munkamveka kunong'onezana, kuseka, bedi kulira, wina akukwera kumanga neti. Anakweza dzanja. Pakhomo pa mwana wake anali asanagogodepo.

Odi.

Ndani? anafunsa Nthanda, mawu atakulitsa ngati mlonda.

Ndine.

Ndinu ndani?

Adadi anu.

Dikirani pomwepo, adadi, anatero Sungeni. Tikutuluka.